Sabata ya mphepo ndi anangumi ku Hermanus

Ndimagwira ntchito pamalo oimikapo makalavani, ngolo zogonamo zokokedwa ndi galimoto, kufupi ndi tawuni ya Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Kwathu ndi ku Senga Bay, ndinakulira m'bwato la amalume, koma madzi amchere ndinawalawa koyamba kunoko. Ntchito yanga ndi magetsi, mapaipi, kapinga, ndi kulondolera mlendo pamalo amene analipira. September akamatha ntchito imachuluka, chifukwa aliyense amafuna kudzaona anangumi.

Lolemba ndinalithera pa geti. Kalavani siibwerera m'mbuyo ngati galimoto wamba: ukakhotetsa chiwongolero kumanja, iyo imathawira kumanzere. Ndiye ndimayima kumbuyo n'kumakupiza manja mpaka matayala akhale pamalo osatsetsereka, kenako ndimalumikiza chingwe cha magetsi ndi paipi ya madzi. Madzulo kunafika agogo awiri ochokera ku Bloemfontein pa galimoto yogonamo, yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo. Agogo aakazi ankayenda ndi chitsulo chogwirira, poti anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Ndinawaika kumbuyo, pafupi ndi mabafa, kuti asamayende mtunda. Nyanja siioneka pamenepo.

Lachiwiri usiku magetsi anazima katatu mzere umodzi. Mlendo amayatsa ketulo, hita ndi chowumitsira tsitsi nthawi imodzi pa polo imodzi yolumikizira magetsi, breaker (swichi yozimitsa magetsi akachuluka) n'kugwa, iye n'kubwera akulalata kuti magetsi athu ndi ofooka. Izo ndinazolowera. Chimene chinandiwawa ndi cha Lachitatu m'mawa. Munthu wina anakhuthula thanki ya chimbudzi cha m'kalavani yake mu ngalande ya madzi a mvula, pomwe malo ake otayira ali poonekera, olembedwa bwino. Ngalandeyo imathera m'nyanja. Ndinagwada ndi magolovesi maola awiri, kutseka kumunsi ndi matumba a mchenga, kutunga madzi abuluu onunkhawo ndi chidebe. Munthu wayenda ulendo wautali kudzaona nyama ya m'madzi, yemweyo n'kumaithirira zonyansa! Ndinawauza abwana, ndipo anakamulankhula.

Tsiku lomwelo mphepo ya kumwera chakum'mawa inayamba, yolusa kuposa mwera wa kwathu. Tinazungulira kuuza anthu kuti apinde matenti a m'mbali mwa makalavani. Banja lina la kutsogolo kwenikweni silinamve, linapita kutawuni. Pobwera linapeza tenti yang'ambika, zitsulo zapindika. Lachinayi m'mawa linapakira n'kunyamuka.

Mphepo ija inalepheretsanso ulendo wa agogo aja. Anali atalipira boti yonyamukira ku New Harbour, koma maboti sanatuluke. Njira ya m'mbali mwa matanthwe, Cliff Path, yotalika makilomita pafupifupi 12, ndi imene anthu amaonerapo anangumi ali pamtunda, koma agogo aakazi mphepo yotere sakanaipirira. Anamvako lipenga la whale crier, munthu amene amayendayenda m'tawuni kuimba lipenga la udzu wa m'nyanja wouma anangumi akaoneka, mwambo umene unayamba mu 1992. Pofika ku Gearing's Point, malo oonerapo anangumi m'tawunimo, anangoona thovu. Agogo aamuna anandiuza motsitsa mawu kuti akazi awo akhala akunena za ulendowu kwa zaka zambiri.

Ndinapita kwa abwana kukapempha malo aja anasiyidwa kutsogolo. Anavomera. Tinasamutsa galimoto madzulo, ndinaiimika kuti khomo liyang'ane kunyanja.

Ine ndimayamba ntchito kusanache, ndipo ndaphunzira kuti nangumi umayamba kumumva usanamuone. Lachisanu mphepo inali itagona. Ndikutsegula mabafa ndinamva kupuma kuja, kozama ngati munthu akuuzira mu mgolo wopanda kanthu. Ndinathamanga kukagogoda.

"Agogo, dzukani, abwera."

Anatuluka atafunda bulangete, n'kundigwira mkono. Kuseri kwa mafunde kunali msana wakuda, wosalala, wopanda chipsepse. Umu ndi mmene timadziwira mtundu wa southern right, komanso mpweya wake umatuluka mipita iwiri ngati chilembo V, ndipo pamutu pali zigamba zoyera zokhakhala. Pambali pake panatumphuka kamutu kena. Anali mayi ndi mwana. Mwanayo ankakwera pamsana pa mayi ake n'kutsetsereka, kukweranso, mayi ali phee.

Ndinawafotokozera zimene ndikudziwa. Amachokera kunyanja zozizira za kufupi ndi Antarctica, amafika kuno cha mu June n'kubwerera cha mu November, atabereka. Wamkulu amafika mamita 15. Miyezi yonseyi mayi sadya kwenikweni, amayamwitsa kuchokera ku mafuta amene anasunga m'thupi. N'chifukwa chake lamulo limaletsa boti yopanda chilolezo kuyandikira kuposa mamita 300, ndipo ine ndimaligwirizana nalo: mayi woyamwitsa wanjala safunika kuthamangitsidwa ndi injini.

Agogo sanajambule. Anangoima, zala zawo zikundifinya mkono nthawi iliyonse nangumi akapuma. Patapita nthawi anafunsa ngati nyanja ya kwathu ili ndi anangumi. Ndinati ayi agogo, kwathu kuli chambo, kampango ndi usipa. Anati ndiwauze za kampango, ndipo ndinawauza mmene amatetezera ana ake pansi pa miyala.

Loweruka linali la nkhuni, makala ndi phulusa la m'malo ootchera nyama. Lamulungu agogo ananyamuka, ndinawachotsera chingwe ndi paipi. Madzulo ndinaimba foni kumudzi. Mwana wanga wamkazi, amene ali Sitandade 5, anali ataona kanema amene ndinatumiza pa WhatsApp.

"Ababa, nsomba imeneyo ingakwane m'bwato la agogo?"

Ndinati si nsomba, imayamwitsa ngati ng'ombe. Anakhala chete, kenako anaitana amayi ake kuti adzamve okha.