Loweruka langa pa kapinga wa 1299

Msana ukuwawa ngati ndaswera kumunda, chikhalirecho ndangokunkhuniza mipira pa kapinga, masewera otchedwa bowls. Ndilembe kaye ndisanagone.

Ndinaweruka shifiti ya usiku cha m'ma 8 koloko, mtima wonse uli pa bedi. Pageti ndinapeza agogo a nyumba yoyandikana nafe atavala zoyera kuyambira malaya mpaka nsapato, chikwama chachikopa chili pansi. Phewa lakhala likuwavuta, ndipo m'chikwamamo munali mipira inayi, uliwonse wolemera pafupifupi kilo ndi theka. Anandipempha kuti ndiwanyamulire mpaka kukalabu kwawo. Munthu wamkulu ungamukanire bwanji? Iwo amafuna ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga amachitira anthu kuno, koma lilime langa limakana. Ndimangoti agogo, ndipo anazolowera mpaka amayankha.

Kalabuyo ndi Southampton Old Bowling Green, mumzinda wa Southampton kuno ku England, kufupi ndi nsanja yakale ya God's House Tower, kumene makoma akale a mzinda amathera cha kudoko. Ndadutsapo kambirimbiri osalabadira. Tikulowa, agogo anandifunsa kuti ndikuganiza kuti bwaloli lili ndi zaka zingati. Ndinati mwina 100. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti anthu akhala akusewera pamenepa kuyambira 1299, ndipo palibe bwalo lina la bowls padziko lonse lakale kuposa limeneli lomwe likugwirabe ntchito. Ndinawerengera chamumtima: Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, ndiye kuti pa nthawiyo kapinga wa pano anali atapondedwa kale zaka 560. Poyamba malowa anali a God's House, nyumba yosamalirako osauka ndi apaulendo. Nyumbayo inasintha, mafumu anasinthana, mzinda unaphulitsidwa pa nkhondo yachiwiri, koma sipanasowe munthu wotchetcha udzu.

Ndipo udzu wake! Wosalala ngati tebulo la pool. Ndinangoti ndiikepo phazi, mayi wina n'kundiletsa mwaulemu: pamafunika nsapato zopanda chidendene, zosalala kunsi. Anandibwereka zina zazikulu pang'ono, ndinkayenda ngati bakha.

Cholinga changa chinali kutula chikwama n'kubwerera. Koma agogo anati mlendo sachoka osaponya, ndipo anandiimika pa kamphasa ka labala kumapeto kwa bwalo. Masewerawo kuwafotokoza n'kosavuta. Amakunkhuniza kampira kakang'ono koyera, jack, kapite mamita osachepera 23, kenako aliyense amayesa kuti mipira yake ikaime pafupi ndi kampirako kuposa ya mnzake. Ukapyola, mpira umagwera m'kangalande kozungulira bwalo. Basi. Ine ndinati izi n'zachibwana.

Vuto n'lakuti mpirawo si wobulungira ndendende. Mbali imodzi anaisema mosiyana, ndiye ukamatha mphamvu umakhota. Suuponya molunjika kumene ukufuna. Umauponya kumbali, iwo n'kubwerera wokha ngati galu wodziwa kwawo. Mbali imene ukhotere ili ndi kachizindikiro kakang'ono, inayo chachikulu. Agogo anandiuza zimenezi kawiri. Kachitatu ndinagwira mozondoka. Mpira wanga unanyamuka bwinobwino, kenako n'kupatuka kulowera kwa eni ake amene ankasewera pambali pathu, n'kukaima pakati pa mipira yawo ngati mlendo wolowa ukwati wosaitanidwa. Bwalo lonse linaseka. Bambo wina anati m'makalabu ambiri wochita zimenezi amagulira anzake zakumwa. Ndinati malipiro ndi kumapeto kwa mwezi.

Agogo amaitcha mipirayi "woods" ngakhale kuti ya masiku ano ndi ya pulasitiki yolimba. Yakale inkasemedwa ku mtengo wolemera wotchedwa lignum vitae, ndipo dzinalo linakanirira.

Nditakhala pabenchi ndi pamene ndinayamba kuona zenizeni. Agogo omwe aja ovutika kukweza chikwama, atagwada pang'ono n'kuusiya mpira, unkayenda mwakachetechete, kuzungulira mipira itatu yotchinga, n'kukagona mophatikana ndi jack. Mpira ukakhudza jack amaulemba ndi choko, ndipo umawerengedwabe ngakhale utagwera m'ngalande. Kangapo konse anthu anatulutsa kachingwe koyezera, azibambo awiri a imvi atagwada, kukangana za mpata wosakwana chala. Palibe wokweza mawu. Koma maso awo ndinawadziwa. Ndi maso omwe aja a akuluakulu osewera bawo pansi pa mtengo kumsika kwathu, amene amaoneka ngati akuwodzera pamene m'mutu akuwerenga maenje khumi kutsogolo.

Nthawi ya tiyi nkhani inali imodzi: Knighthood, mpikisano wa mu Ogasiti. Unayamba mu 1776, zaka 100 ndendende mishoni ya Blantyre isanakhazikitsidwe. Malamulo ake ndi akeake. Jack amaiika pa kandalama kachitsulo kuti ikagundidwa ibwezeredwe pomwepo. Mpira uliwonse ukaima amayeza kutalika kwake n'kuuchotsa wina asanaponye, ndiye palibe zogunda mpira wa mnzako. Woyamba kufika mapointi 7 ndiye wapambana, ndipo zimenezi zimatha kudya masiku angapo. Wopambanayo amalandira mendulo ya siliva, ndipo kuyambira tsikulo amatchedwa "Sir". Saloledwanso kupikisana, amalowa m'gulu la oyang'anira mpikisano, ovala zipewa zazitali zakuda ndi majekete ofika m'maondo. Chomwe chinandiseketsa n'chakuti u-Sir umenewu umathera pageti. Mkati muno ndiwe Sir, kunja ukuimirira pamzere wa basi ngati tonsefe.

Ndinafunsa agogo ngati iwo ndi Sir. Anayang'ana m'kapu mwawo kwa kanthawi, n'kunena kuti chaka chino. Mayi amene anandibwereka nsapato anandinong'oneza kuti mawu amenewa akhala akuwamva chaka ndi chaka.

Bambo wokonda mbiri, yemwe kalabu iliyonse sasowa, anandigwira pakona ndi nkhani ya Henry VIII, mfumu yakale ya England. Mu 1541 mfumuyi inaletsa anthu wamba kusewera bowls kupatula pa Khirisimasi, poopa kuti asiya kuphunzira kuponya mivi, pamene iyo ndi olemera anzake ankasewera mwamtendere. Lamulolo linafafanizidwa mu 1845. Anapitiriza ndi za Francis Drake, mtsogoleri wa zombo zankhondo za England, amene amati anakana kusiya masewera ku Plymouth mu 1588 zombo zankhondo za Spain zili m'njira, koma anavomera yekha kuti imeneyo mwina ndi nthano chabe. Atafika pa malamulo amakono, amene analembedwa ku Glasgow, tulo tinali titandipeza ndipo ndinkangogwedeza mutu.

Chinthu china chaching'ono sichikundichoka. Tiyi ali mkati, wina anafunsa za mnzawo amene sanabwere masabata awiri. Nthawi yomweyo panapezeka woti amuimbira foni madzulo, ndi wina woti akadzera kwawo mawa. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndimalowa m'nyumba zomwe belu la pakhomo limalira pokhapokha ndikabwera ineyo. Akazi a agogowa anamwalira, ana ali kutali. Ndinkadabwa kuti bwanji saoneka osungulumwa ngati enawo. Lero ndaona kumene amawerengedwa akasowa. Nyengo yosewera panja imatha mu Seputembala, ndipo ndinawafunsa kuti m'nyengo yozizira amatani. Akuti ena amakasewera m'nyumba pa kapeti, koma iwo sakonda, kapeti alibe fungo.

Pobwerera tinamva sitima yapamadzi ikuliza hutala kudoko, ine chikwama paphewa, agogo akufotokozabe za mpira wawo wachitatu womwe akuti mphepo inawabera. Pageti anandiuza kuti Lachiwiri madzulo kuli maphunziro a oyamba kumene, ndipo ndisadzavale nsapato za eni ake. Lachiwiri ndili pa shifiti. Ndatumiza uthenga kwa mnzanga ngati tingasinthane, sanayankhebe.