Sabata ya chigodola m'makola a ku Angónia

Lolemba m'mawa ndinapeza bambo wina wochokera kudera la Dómuè akundidikira pakhomo la ofesi yathu ku Ulónguè, zovala zawo zitanyowa ndi mvula ya usiku. Ndine mlangizi wa ziweto m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo mwezi wa Januwale ukafika ndimadziwa kuti alendo olawirira chotere amabwera ndi nkhani imodzi. "Adokotala," anatero bambowo, "thole langa laleka kuyamwa, ndipo nthena imodzi ya pangolo yagona kuyambira dzana." Ndinawafunsa ngati anaona chotupa kunsi kwa khutu, iwo n'kuvomera kuti chilipo pa ziweto zonse ziwiri.

Tinakwera njinga yamoto mumsewu wamatope mpaka kukhola kwawo. Nthenayo inali ikupuma mobanika, maso ali mbuu, misozi ikutsika, ndipo choyezera kutentha kwa thupi chinaonetsa madigiri 41.5, pamene ng'ombe yabwinobwino imakhala pakati pa 38 ndi 39. Anabele a kunsi kwa khutu ndi a kutsogolo kwa phewa anali atatupa ngati chibakera. Nditapinda khutu ndinapeza nkhupakupa zofiirira zitaunjikana mpaka m'kati. Chimenechi ndi chigodola, matenda amene m'mabuku amatchedwa East Coast fever, oyambitsidwa ndi kachilombo ka Theileria parva. Nkhupakupa ya m'khutu imatenga kachilomboka ikadali yaing'ono poyamwa ng'ombe imene ili nako, imagwera mu udzu, imafundula, kenako imakwera ng'ombe ina n'kukalavuliramo. Pakapita masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono thupi limatentha, kachilombo kamalowa m'maselo oyera a magazi n'kuwachititsa kuswana mosalekeza, ndipo kumapeto kwake mapapo amadzaza madzi, ng'ombe n'kufa ngati yamira pamene ili pamtunda.

Mankhwala a buparvaquone amachiza chigodola akabayidwa msanga, koma ndi odula, ndipo mapapo akadzaza kale sathandiza kwenikweni. Ndinawauza bambowo mosabisa kuti tholelo lili ndi mwayi koma nthenayo tachedwa nayo. Iwo anapempha kuti ndibaye zonse ziwiri, ndipo ndinatero, chifukwa ndimadziwa tanthauzo la nthena kuno kwathu. Ndiyo imakoka ngolo ya manyowa kupita kumunda wa mbatatesi, ndiyo imatuta chimanga, ndipo imodzi ikafa goli lonse limaima.

Ndikutsuka jakisoni, bambowo anandifunsa funso limene linandikhala m'mutu sabata yonse. "Nanga bwanji zadwala ziwiri zokha, pamene zinzake 12 zimadya dambo lomwelo ndipo nkhupakupa nazonso zili nazo?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, zinazo si kuti matendawa sanazikhudze ayi. Zambiri zinadwala zili matole, zinachira, ndipo kachilombo zikadali nako m'magazi ngakhale zikuoneka zonenepa." Ng'ombe yochira chigodola imatetezeka, koma imasanduka nkhokwe imene nkhupakupa zimatapamo kachilombo chaka ndi chaka. N'chifukwa chake munthu akandifunsa kuti matenda a nkhupakupa afala motani, sindiwerenga ng'ombe zogona zokha. Khola looneka lathanzi limakhalanso m'gulu lomwelo.

Lachiwiri mvula sinakate, choncho ndinakhala mu ofesi ndikulemba lipoti la mwezi. Pepala limafuna chiwerengero cha ziweto zodwala ndi zakufa, ndipo ndimalemba zimene ndaziona ndi maso kapena zimene alimi abwera kudzanena. Koma ng'ombe yambiri ikadwala kumudzi wakutali imaphedwa msangamsanga isanafe yokha, nyama n'kugawidwa kapena kugulitsidwa, ndipo thole likafa anthu amangoti linali lofooka chibadwire. Zoterezi sizifika papepala. Akatswiri a ziweto akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ng'ombe pafupifupi 80 pa 100 zilizonse padziko lapansi zili m'madera amene nkhupakupa ndi matenda ake ndi chiopsezo, makamaka m'mayiko otentha, ndiponso kuti chigodola chokha chimapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni pachaka m'mayiko oposa 10 a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Dziko lathu lili m'mbiri ya matendawa kuyambira kale, pakuti ng'ombe zochokera kudziko limene masiku ano ndi Tanzania zimene zinatsitsidwa padoko la Beira mu 1901 ndizo zinapititsa chigodola ku Rhodesia (masiku ano Zimbabwe), n'kufalikira mpaka ku South Africa. Kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene kumazizira ndipo udzu umatalika m'dzinja, nkhupakupa ya m'khutu imakhala bwino kuposa m'zigwa zotentha ndi zouma za ku Changara.

Lachitatu linali tsiku losambitsa ng'ombe pamudzi wina wa kufupi ndi Lifidzi. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene ng'ombe zinkasambira m'dibi la simenti, koma madibi ambiri anawonongeka m'zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, pamene anthu ochuluka a kuno anathawira ku Malawi ndipo ziweto zinabalalika. Masiku ano pamudzi umenewu timagwiritsa ntchito mpope woberekera kumsana, ng'ombe zikulowa imodziimodzi mumpanda wa mitengo. Ntchitoyi imaoneka yophweka koma imalakwika m'njira zambiri. Mnyamata wina ankapopera pamsana pokha, pamene nkhupakupa zimabisala m'makutu, kunsi kwa mchira, kubere, m'khwapa ndi pakati pa ziboda. Mlimi wina anabwera ndi mankhwala a amitraz amene anagula pamsika atathiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ndipo ankayeza ndi kachitsekero ka botolo la chakumwa, madzi n'kuchulukitsa kuti akwanire khola lonse. Sindinamudzudzule pagulu, chifukwa ndimadziwa kuti Januwale ndi mwezi umene ndalama yatha ndi feteleza. Ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti mankhwala osungunula mopitirira amapha nkhupakupa zofooka zokha, zolimba n'kutsala, ndipo imodzi yaikazi ikakhuta magazi imaikira mazira masauzande amene ana ake sadzamvanso mankhwalawo.

Pamphasa imene ndinayala ndinaika nkhupakupa za mitundu itatu kuti abusa aziona. Yofiirira ya m'khutu ndiyo ya chigodola. Yotuwa mobiriwira, imene imatupa ngati nsawawa pakhosi ndi pamimba, imafalitsa matenda okodza magazi ndi matenda a ndulu. Yamawangamawanga ya mlomo wautali imaboola chikopa, imawononga mawere, ndipo imabweretsa matenda a madzi kumtima, amene amachititsa ng'ombe kapena mbuzi kuyenda mozungulira isanagwe n'kuyamba kupalasa miyendo. Ng'ombe imodzi ikhoza kusenza mitundu yonseyi nthawi imodzi, ndipo ndi chifukwa chake jakisoni mmodzi wa oxytetracycline, amene alimi ambiri amamukhulupirira pa nthenda iliyonse, amathandiza pa ndulu ndi pa madzi kumtima koma osachiza ng'ombe yokodza magazi. Chimene chinandipweteka mtima tsikulo n'chakuti makola atatu a pamudzipo sanabweretse ng'ombe zawo, chonsecho madzulo zonse zikakumana kudambo limodzi.

Lachinayi m'mawa uthenga unafika wakuti nthena ya ku Dómuè yafa usiku. Ndinapita kukaitumbula pamaso pa mwiniwake ndi anansi ake. Thovu linali litatuluka m'mphuno, ndipo nditacheka mapapo madzi anachucha pansi. Ndinaletsa kuti nyamayo isadyedwe kapena kugulitsidwa, popeza mankhwala amene ndinabaya anali akadali m'thupi, ndipo ngakhale mawuwo anali olemera kwa banja lotaya chuma chotere, bambowo anatenga khasu n'kuyamba kukumba dzenje.

Masana ake ndinaitanidwa ndi mayi wina woweta ng'ombe yamkaka ya mtundu wosakaniza, imene anaigula miyezi iwiri yapitayo kwa munthu amene ankaisunga m'khola osaitulutsa. Inali ikukodza mkodzo wofiira ngati tiyi wopanda mkaka, nkhama zitayera, mkaka utauma. "Mayi, kodi ng'ombeyi mwakhala mukuidyetsa udzu womweta kudambo?" Anavomera. Nkhupakupa zinabwera ndi udzu womwewo. Ndinaibaya diminazene, amene amagwira msanga matendawa akadziwika nthawi yabwino. Ng'ombe zathu zamakolo za mtundu wa Angoni, za linunda ndi nyanga zazifupi, zimene zimasungidwanso pamalo a kafukufuku wa ziweto a boma kuno ku Angónia, zimakumana ndi tizilombo ta ndulu ndi tokodzetsa magazi zikadali matole, pamsinkhu umene thupi limapirira, ndipo zimakula zili zotetezeka. Ng'ombe imene yakula osalumidwapo ikafika pakati pa zimenezi, ndiyo imayamba kugwa. Kudwala kwa ng'ombe yachilendo kumaulula zimene zakhala zili m'dambo nthawi yonseyi, ndipo ine ndimaona kuti n'kulakwa kulimbikitsa mlimi kugula ng'ombe yamkaka tisanakonze naye ndondomeko ya kusambitsa ndi ndalama ya mankhwala.

Lachisanu ndinali pamsonkhano ndi amfumu ndi alimi kufupi ndi malire a Calómuè, kumene ng'ombe za mbali ino ndi za ku Dedza zimamwa mitsinje imodzi ndipo zina zimaoloka pa malowolo kapena pa malonda. Agogo ena anafunsa za katemera wa chigodola amene anamva kwa achibale a tsidya linalo. Ndinafotokoza kuti alipodi, ndipo amapangidwa ku Lilongwe pamalo otchedwa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Thole limabayidwa kachilombo kamoyo pamodzi ndi oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, limadwala pang'ono, kenako limatetezeka moyo wake wonse. Vuto lake n'lakuti katemerayu amasungidwa m'chimtsuko cha nayitirojeni wozizira kwambiri, ndipo akasungunulidwa amafunika kubayidwa kwa matole ambiri tsiku lomwelo, motero mudzi uyenera kugwirizana. Amfumu anagamula kuti m'miyezi ya mvula khola lililonse lizisambitsa ng'ombe sabata iliyonse, ndipo ng'ombe yobwera kumene izikhala payokha n'kupoperedwa isanalowe kudambo. Ndinapempha kuti pamudzi pakhale choyezera kutentha chimodzi chosungidwa kwa amfumu, ndipo ndinaphunzitsa anyamata awiri kagwiritsidwe ntchito kake ndi kupapasa anabele, kuti azindiimbira foni tsiku loyamba la kutentha thupi osati ng'ombe itagona kale.

Loweruka ndinabwerera ku Dómuè kukaona thole lija. Ndinalipeza likuyamwa, chotupa cha kunsi kwa khutu chitachepa, ndipo choyezera chinaonetsa 39. Bambowo anali atagwirizana ndi mlamu wawo kuti azibwerekana nthena kufikira nthawi yokolola. Tisanasiyane tinagwira ng'ombe 12 zija imodziimodzi, ife tikupaka mankhwala m'makutu ndi kunsi kwa mchira, mwana wawo wamkazi akulemba m'kope la kusukulu tsiku lodzasambitsanso.