Gitala Ikamakalamba, N'chiyani Kwenikweni Chimasintha Mawu Ake?

Oimba gitala yopanda magetsi amakonda kunena kuti gitala "imatseguka". Amatanthauza kuti ikakhala yatsopano imalira momangika, koma ikatha zaka ili m'manja, besi imazama, mawu amatuluka msanga mukangokhudza nsambo, ndipo amakhalitsa asanazilale. Zimenezi si bodza. Vuto n'lakuti pali zinthu zitatu zimene anthu amaziika m'thumba limodzi: kukalamba kwa thabwa, kunjenjemera kwa gitala ikamaimbidwa, ndi kupindika kwa thupi lake chifukwa cha kukoka kwa nsambo. Choyamba chimachitikadi. Chachiwiri umboni wake ndi wochepa. Chachitatu, mukachilekerera, chimapha mawu amene zaka zikanawakometsa.

Nsambo payokha ilibe mawu omveka patali, chifukwa ndi yowonda kwambiri moti siingakankhe mpweya wokwanira. Kunjenjemera kwake kumadutsa pa kafupa koyera kotchedwa saddle, n'kulowa mu bridge, kathabwa kamene kamagwira nsambo pa thupi la gitala, kenako m'thabwa la pamwamba. Thabwa limeneli n'lopyapyala, mamilimita 2.5 mpaka 3 basi, ndipo kunsi kwake kumamatidwa timitengo tonga nthiti tolilimbitsa. Ndi limene limagwira ntchito yaikulu. Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anaonetsa zimenezi mu 1862 pamene anapanga gitala ya thabwa labwino pamwamba koma msana ndi m'mbali mwake n'zamakatoni, ndipo inkalira ndithu. Gitalayo idakalipo m'nyumba yosungiramo zoimbira ku Barcelona.

Choncho musanayembekezere kuti gitala yanu isintha, onani kaye mtundu wa thabwa lake. Yang'anani m'mphepete mwa bowo lotulukira mawu. Ngati timizere ta mtengo tikutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa thabwalo osaduka, ndi thabwa lenileni. Ngati mukuona zigawo zitatu zosanjikizana, ndi pulayiwudi. Pulayiwudi imapirira nyengo, koma guluu amene ali pakati pa zigawozo komanso kupingasana kwa minyewa ya mtengo kumaimanga, ndipo mawu ake sasintha kwenikweni ngakhale patapita zaka 20.

Zimene zaka zimachita m'kati mwa thabwa

Mtengo uli ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: cellulose, imene ili ngati ulusi wolimba, lignin, imene imamata ulusiwo, ndi hemicellulose, imene imakonda kwambiri kumwa madzi. Zaka zikamapita, hemicellulose imaphwanyika pang'onopang'ono, ndipo utomoni wa m'thabwa umauma n'kulimba. Zotsatira zake n'zakuti thabwa limapepukako koma kulimba kwake sikutsika mofanana, komanso silimwa chinyezi chambiri ngati poyamba. Thabwa lopepuka koma lolimba ndi limene nsambo imaligwedeza mosavuta. N'chifukwa chake gitala yakale yosamalidwa bwino imayankha ngakhale mukaikhudza ndi chala mopepuka, ndipo mawu ake amamveka ouma ndi oyera, opanda kugunda kwa ziii ngati mwaiphimba ndi nsalu.

Kusintha kumeneku n'kwa zaka makumi, osati miyezi. Mtundu wa thabwa umaoneka kusintha msanga, kuchoka poyera kupita pofiirira, koma kumeneko n'kuwala ndi mpweya chabe zikuchita ntchito pamwamba pa thabwa ndi pa vanishi. Musayeze mawu ndi maso.

Mitengo imasiyananso. Amisiri ambiri amagwirizana kuti cedar, imene ndi yofewa ndi yopepuka, imapereka pafupifupi mawu ake onse gitala idakali yatsopano, pamene spruce, kaya ndi ya Sitka kapena ya Adirondack, imayamba yolimba ndipo imatenga nthawi. Wogula gitala ya cedar asayembekezere zodabwitsa m'tsogolo. Wogula ya spruce angayembekezereko pang'ono, koma pang'ono ndithu.

Makampani anaphunzira kufulumizitsa kukalambaku. Amaotcha thabwa m'ng'anjo yochotsedwa mpweya wa okosijeni, pa kutentha koyandikira madigiri 200 Celsius, kuti hemicellulose iphwanyike m'maola ochepa thabwalo osapsa. Martin imaitcha njira yake Vintage Tone System, ndipo Yamaha ili ndi njira yakeyake yotchedwa A.R.E. Thabwa loteroli limatuluka lofiirira, lopepuka, ndiponso losavutika kwambiri ndi kusintha kwa chinyezi. Kuipa kwake n'kwakuti limakhala lophweka kuthyoka, motero likagundidwa limang'aluka mosavuta kuposa latsopano.

Vanishi nayenso ali ndi mbali yake. Wa nitrocellulose amapitiriza kuuma kwa zaka zambiri, amapyapyala, ndipo amachita timing'alu tonga ukonde wa kangaude. Akatero amamasula thabwa. Wa polyester, amene magitala ambiri a m'fakitale amapakidwa masiku ano, akauma wauma, ndipo ngati anapakidwa mochindikala adzalemetsa thabwalo mpaka kalekale.

Pali kusintha kumodzi kumene kumachitika mofulumira: masabata ndi miyezi yoyamba gitala itangomangidwa nsambo. Nsambo zachitsulo za saizi ya .012 mpaka .053 (kunenepa kwa nsambo m'mainchi) zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu oposa 70, za .013 zimapitirira 80, pamene za nayiloni zimakoka pafupifupi 40. Thabwa, nthiti ndi malo onse omatidwa zimafunika nthawi kuti zikhazikike pansi pa katundu ameneyu. Zambiri zimene anthu amazitcha kutseguka kwa chaka choyamba n'zimenezi, ndipo zimachitika kaya gitalayo ikuimbidwa kapena yangopachikidwa.

Nanga kuimba tsiku ndi tsiku?

Apa m'pamene pali mkangano. Maganizo ake ndi omveka: thabwa likamanjenjemera kwa maola ambirimbiri, liyenera kumasuka. Mu 1996, ofufuza awiri, Hunt ndi Balsan, analemba m'magazini ya Nature kuti tizidutswa ta thabwa titanjenjemeretsedwa kwa nthawi yaitali pamalo a chinyezi chambiri tinasinthadi pang'ono kalimbidwe kake. Koma kachidutswa ka thabwa si choimbira chathunthu. Ku University of New South Wales ku Australia, Inta, Smith ndi Wolfe anatenga mavayolini awiri opangidwa mofanana, ina n'kuisunga m'nyumba yoonetsera zinthu zakale, ina n'kuipereka kwa katswiri kuti aziimba nthawi zonse. Patatha zaka zitatu, oimba ndi omvetsera amene sankaona kuti ndi iti imene ikulira sanapeze kusiyana kodalirika. Lipoti lawo linatuluka mu 2005. Mu 2014, magazini ya Savart Journal inasindikiza kafukufuku wa magitala enieni: m'magulu a magitala awiriawiri ofanana, imodzi inanjenjemeretsedwa ndi makina kwa maola 348, ndipo oimba sanathe kuizindikira.

Tinene mosabisa: ngati kunjenjemera kumasintha gitala, kusinthako n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene nsambo zatsopano kapena tsiku limodzi lachinyezi zimachita. Timakina tomangirira pa bridge kuti tizinjenjemeretsa gitala usiku wonse sitingaiwononge, koma ndalama imeneyo ingagwire ntchito yooneka mutaipereka kwa mmisiri kuti akonze saddle ndi nut, kafupa kena kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi la gitala.

Komabe gitala yoimbidwa kawirikawiri imamvekadi bwino kuposa yogona m'kesi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Dzanja limaphunzira gitala. Limadziwa malo pakati pa bowo ndi bridge pamene mawu amakoma, limadziwa mphamvu imene thabwalo limalandira lisanayambe kukhadzula mawu, limazolowera kusindikiza pafupi ndi fret, kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala. Khutu nalonso limazolowera. Ndipo gitala ya m'manja imasinthidwa nsambo, imachunidwa, vuto likayamba limaoneka msanga. Ya m'kesi imatuluka ndi nsambo zadzimbiri, ndiye mwiniwake amati yagona tulo.

Anthu akafuna kutsimikiza kuti ukalamba umakometsa, amatchula magitala a Martin a m'ma 1930. Ndi abwinodi, koma anapangidwa mosiyana kuyambira pachiyambi: spruce wa Adirondack, guluu wa zikopa amene amauma gwa ngati galasi, ndi nthiti zosemedwa pakati kuti zipepuke, zimene kampaniyo inasiya kusema motero mu 1944. Kumbukiraninso kuti magitala akale amene alipo lero ndi amene anthu anawakonda n'kuwasamalira. Olira moipa anatayidwa kalekale, sitiwamva. Gitala imene ikumveka yosalankhula m'sitolo, musaigule poyembekezera kuti zaka zidzaichiritsa.

Chinyezi chimaposa zonsezi

Thabwa limapuma ndi nyengo. Magitala ambiri amapangidwa pamalo a chinyezi cha 45 mpaka 50 peresenti, ndipo amasangalala pakati pa 45 ndi 55. Chinyezi chikakwera kupitirira 65 kwa masabata angapo, thabwa limamwa madzi, limalemera n'kufufuma, nsambo zimakwera, mawu amakhala ngati a munthu wa chimfine. Chikatsika pansi pa 35, gitala imayamba kumveka yowala ndi yamphamvu, ndipo apa ambiri amanyengeka kuti yatseguka. Chenicheni n'chakuti ikuuma, ndipo zotsatira zake zikubwera: thabwa la pamwamba limalowa m'kati, nsambo zimatsika n'kuyamba kukhudza ma fret, nsonga za ma fret zimabaya dzanja m'mbali mwa khosi, kenako mng'alu umatseguka kuchokera pa bridge kutsika m'munsi.

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi n'kukaika m'kesi. Kukauma, nyowetsani siponji, ifinyeni mpaka isadonthe, iikeni m'kabokosi kapulasitiki koboolaboola, n'kutseka kesiyo. Inyowetseninso masiku atatu kapena anayi alionse. Madzi asakhudze thabwa. Kukanyowa kwambiri, ikanimo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, koma muziyang'ana kachipangizo kaja kuti musaumitsenso mopitirira. Ndipo musasiye gitala m'galimoto yoima padzuwa: guluu wamba wa matabwa amayamba kufewa kutentha kukadutsa madigiri 60, ndipo nsambo zimazula bridge.

Pamene ukalamba umaba mawu

Makilogalamu 70 aja sapuma. Chaka ndi chaka amakokera bridge kutsogolo, thabwa limatukuka kuseri kwa bridge ngati kamimba, limaloweka kutsogolo kwake, ndipo khosi limaweramira ku bowo. Kamimba kakang'ono n'kabwinobwino. Koma nsambo zikamakwera, anthu amapala saddle kuti zitsike, chaka china apalanso, mpaka kafupako katsala pang'ono kulingana ndi bridge. Zikafika apo nsambo sizikupanikizanso saddle mokwanira, ndipo mphamvu yogwedeza thabwa yachepa. Gitala imalira motsika ndi mopanda moyo, ngakhale thabwa lake litakhwima bwino chotani.

Kuti mudziwe pamene gitala yanu ili, ichuneni kaye bwinobwino. Yezani mpata wa pakati pa fret ya 12 ndi kunsi kwa nsambo: pa nsambo yaikulu ya E ukhale mamilimita 2.3 mpaka 2.8, pa yaing'ono 1.6 mpaka 2. Kenako gonekani rula yaitali yowongoka pamwamba pa ma fret n'kuikankhira ku bridge. Iyenera kufika molingana ndi pamwamba pa thabwa la bridge. Ikagunda mamilimita awiri kapena atatu m'munsi, khosi lawerama, ndipo mankhwala ake ndi kulichotsa n'kulibwezeretsa pa ngodya yoyenera, ntchito ya mmisiri. Musayese kukonza zimenezi pomanga truss rod, chitsulo chimene chili m'kati mwa khosi. Chitsulo chimenecho chimangowongola kupindika kwa pakati pa khosi, kumene kuyenera kusiya kampata ka mamilimita 0.2 mpaka 0.3 pa fret ya 7 mukasindikiza nsambo pa fret yoyamba ndi ya 14. Kuchimanga mopitirira kungachithyole.

Tengani kapepala kopyapyala muyese kukalowetsa kuseri kwa bridge. Kakalowa, bridge yayamba kumatuka ndipo mawu akutayikira pomwepo. Masulani nsambo tsiku lomwelo. Gogodani thabwa la pamwamba ndi chala malo osiyanasiyana mutagwira nsambo kuti zisalire. Pakamveka phokoso la tcherere, pali nthiti imene yamatuka. Ndi kagalasi ndi tochi, suzumirani m'kati pansi pa bridge: timipira ta kumapeto kwa nsambo timadya kathabwa ka pamenepo, ndipo tikakumba maenje, nsambo sizikhazikika. Ma fret odyeka makwawa pansi pa nsambo amafupikitsa mawu n'kusokoneza kachunidwe. Zonsezi zimakonzeka, ndipo gitala yakale ikangokonzedwa imasintha mawu tsiku limodzi kuposa mmene yasinthira zaka khumi.

Amene akufuna kumva yekha ngati gitala yake ikusintha asadalire kukumbukira kwa khutu, chifukwa khutu silisunga kamvekedwe molondola kwa nthawi yaitali. Mangani nsambo zatsopano za mtundu ndi saizi imodzimodzi nthawi zonse, popeza zokulungidwa ndi zitsulo zosiyana, monga phosphor bronze ndi 80/20 bronze, zimalira mosiyana. Dikirani masiku awiri zikhazikike. Jambulani mawu m'chipinda chomwecho, mutakhala pamalo omwewo, foni kapena maikolofoni ili masentimita 30 kuchokera pa fret ya 12, ndi piki (kapulasitiki koimbira) yomweyo. Imbani nsambo iliyonse payokha n'kuileka izilale yokha, kenako makodi atatu kapena anayi. Lembani tsiku ndi chinyezi cha tsikulo, ndipo bwerezani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse pa tsiku la chinyezi chofanana. Pomvetsera, mnzanu ndiye aziseweretsa zojambulazo mosakaniza, inu osadziwa kuti yakale ndi iti.

Ngati gitala ikhala miyezi ingapo osaimbidwa, tsitsani nsambo zonse ndi toni imodzi kapena ziwiri kuti bridge ndi khosi zipepukidwe, koma musazimasule kotheratu, chifukwa truss rod idzatsala ikukokera khosi chambuyo popanda choibweza. Pukutani thukuta pa nsambo ndi nsalu youma, itsekereni m'kesi pamodzi ndi kachipangizo ka chinyezi, ndipo muziitsegula kamodzi pa mwezi kuona nambala imene kakuonetsa.