Zikomo agogo, mlongo wanga wayambanso kuyankhula

Abale, dzulo mlongo wanga anapita yekha kudimba, n'kubwerako ndi dengu la mbatata pamutu, kenako n'kundikalipira kuti mbuzi sindinamangirire. Ndinalira ana akuona.

Inu a ku Makhanga ndi ku Bangula mukudziwa mmene zinalili kuyambira pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, madzi a Ruo atamulanda mwana usiku, mtembo osapezeka. Anangoti duu. Kudya kochita kumukakamiza, pakati pa usiku kumadzuka kuthamangira kumtsinje.

Anamwino amene munatipatsa mankhwala oti azigona, zikomo. Amalume, munagulitsa njinga yanu, Mulungu akubwezereni.

Koma agogo aja, asing'anga a kutsidya kwa Shire, ndilibe nawo mawu. Ndinakwera bwato ndili ndi mantha kuti atiuza kuti walodzedwa ndi wachibale, tiyambe kudana pamudzi. Sanatchule munthu ngakhale mmodzi. Anangoti, "Mwanawe, mlongo wakoyu sanalire maliro. Kamwanako kalibe pogona, ndiye mayi ake agona bwanji?"

Masiku atatu ng'oma zinalira usiku wonse, agogo atavala mikanda yawo, mizimu itawagwira n'kumabwebweta. Kukacha ankakhala naye pamphasa pansi pa mtengo wa masau, osamufulumiza, kumudikira mpaka atatulutsa liwu. Nkhalamba yoyenda ndi ndodo, koma sinatope naye. Ndiwo anatiuza kuti tikumbe manda, tiikemo thunthu la nthochi, tithire nsembe ya ufa, titchule dzina la mwanayo mokweza. Pamanda pamenepo mlongo wanga analira mpaka mawu kusasa, koyamba chichitikireni ngoziyo. Ndiponso ndi agogo omwewo anamulamula kuti mapiritsi a kuchipatala asasiye.

Ena amene tinkakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi munasiya kutipatsa moni, ati tapita kwa ziwanda. Tili kumsasa simunabwere ndi kapu ya phala yomwe. Ine kupemphera sindinasiye, ndipo pabwato paja ndinapempha Ambuye kuti atitsogolere kwa munthu wachifundo. Anandimva.

Agogo munalandira nkhuku imodzi ndi ndowa ya mapira basi, ndalama munabweza kuti tigulire sopo ndi mchere. Foni mulibe, koma adzukulu anu akuwerengerani izi. Loweruka tikuwoloka tonse awiri. Mlongo wanga akuti mbatata zoyamba ndi zanu, ndipo asenza yekha.