Hilux yanga yasiya kuzima pa maroboti

Vuto lozimazima la pikapu yanga yakale, Toyota Hilux ya injini ya dizilo ya 3L ya malita 2.8, lapezeka Loweruka lapitali. Pampu yaikulu yokankhira dizilo mu injini, imene anthu ambiri ankaiganizira, ilibe mlandu.

M'mawa galimotoyi inkanyamuka bwinobwino kuno ku Mtendere, mu Lusaka. Ikafika pamzere wa magalimoto mu Great East Road, ndikangochotsa phazi pa mafuta poyandikira roboti, injini inkayamba kunjenjemera, kulira kwake n'kumatsika, kenako zii. Poiliza kachiwiri sitata inkazungulira nthawi yaitali, am'mbuyo akuimba mahutala. Pachitunda ili ndi katundu inkafooka ngati munthu wobanika.

Anzanga angapo anati ndimasule pampu ndikaiyezetse. Ndalama zake si zamasewera, ndiye ndinayamba ndakaona amalume ku Chawama, amene anakalambira pa malole. Sanafune n'komwe kutsegula boneti. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, imazima bwanji? Imangoti phwii kamodzi, kapena imayamba yatsamwa?" Nditawauza kuti imayamba yatsamwa, anati, "Ndiye magetsi asiye kaye. Imeneyo ikumwa mpweya."

Funso lawolo ndi limene latsegula njira yonse. Dizilo yakale ngati iyi ilibe mapulagi oyatsa moto kapena koyilo yoti uziikayikira. Cha magetsi chimene chingaizimitse ikuyenda ndi solenoid ya pa pampu, yokhala ndi waya mmodzi wa mavoti 12, imene imatseka mafuta ukazimitsa kiyi. Waya ameneyu akakhwepa, injini imaduka pomwepo osachenjeza. Ikamayamba yanjenjemera ndi kufooka, ndiye kuti mafuta akuperewera kapena asakanikirana ndi mpweya.

Solenoid ndinaionabe: potembenuza kiyi imamveka kuti tha, ndipo ndinapala dzimbiri pamene waya amamangira. Chotsekera thanki ndinachitsegula itangozima kuti ndimve ngati chikukoka mpweya, koma panalibe phokoso lililonse. Fyuluta ndinasintha. Zimene zinatuluka pansi pa yakaleyo nditazithira m'botolo zinagawikana pawiri, dizilo pamwamba, madzi ofiirira a dzimbiri pansi. Pachitunda inayamba kukoka bwino, koma pa roboti inkazimabe.

Chimene chinandionetsa vuto ndi kapaipi koonekera mkati, kotchipa zedi. Ndinakalumikiza pakati pa fyuluta ndi pampu n'kuliza injini. Poyamba dizilo ankadutsa woyera, wachikasu pang'ono. Patapita kanthawi, timathovu ting'onoting'ono tinayamba kuyenda m'mphepete mwa paipi, kamodzikamodzi. Nditakoka waya wochokera pa chopondera mafuta, tinasanduka mndandanda wosaduka, ndipo nditausiya kunabwera thovu lalikulu lotalika pafupifupi chala changa. Litangolowa mu pampu, injini inanjenjemera ndendende mmene imachitira pamsewu. Kenako ndinasamutsa kapaipiko, n'kukaika kumbali yochokera ku thanki, mafuta asanalowe mu fyuluta. Kumeneko kunalibe thovu ngakhale limodzi. Mpweya unkalowera pamutu wa fyuluta, pamene pali kabatani kopopera ndi dzanja.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezekera, chifukwa pansi pa galimoto sipankadontha kanthu. Injini imeneyi ilibe pampu ya magetsi mu thanki yokankha mafuta. Pampu yaikulu ndi imene imayamwa yokha dizilo kuchokera kumbuyo, choncho njira yonseyo imakhala yokoka. Pakakhala kamng'alu, mafuta satuluka, mpweya ndi umene umalowa. Ukhoza kugona kunsi kwa galimoto tsiku lonse ndi tochi osaona chonyowa. Kabatani kaja kamayenera kulimba ukapopa kangapo, koma kanga kankangofewa. Nditaphwasula mutuwo ndinapeza labala ya mkati itauma, itang'ambika m'mphepete.

Mutu watsopano ndinaugula m'masitolo a zipangizo za magalimoto m'tauni, pamodzi ndi paipi ya mafuta yatsopano, zomangira zake, ndi mawasha a kopa. Mawasha akale sindinawabwezeremo, chifukwa akaphwatalala kamodzi satsekanso bwino. Pa pampu pali mabawuti awiri obowoka ofanana maonekedwe, koma la paipi yobwezera mafuta ku thanki linalembedwa OUT ndipo kabowo kake ndi kakang'ono kwambiri. Mukawasinthanitsa, pampu imalandira mafuta ochepa ndipo mudzaganiza kuti yafa.

Pochotsa mpweya ndinapopa mpaka kabatani katalimba, n'kumasula pang'ono manati a mapaipi a pa manozo (amene amapopera dizilo mkati mwa injini) ndi sipanala ya 17. Mwana wa achimwene anazungulitsa sitata pang'onopang'ono, akupumiza kuti isatenthe, mpaka dizilo atayamba kutuluka wopanda thovu. Pamenepa dzanja lizikhala kutali, dizilo wa pa manozo amatuluka ndi mphamvu yoti n'kuboola khungu. Nditamanga, inalira msanga n'kukhazikika, ikuzungulira pafupifupi maulendo 700 pa mphindi.

Lamulungu ndinapita nayo ku Chongwe ndi kubwerera, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo ndinadutsa dala m'tauni kuti iime pa maroboti ambiri. Sinatsamwe paliponse. Mtima wanga unakhala m'malo, chifukwa pikapu imeneyi ndi imene imanyamula feteleza wa kumudzi ku Katete, ndipo zitunda za Manenekera si malo oti injini izikuzimira uli ndi matumba kumbuyo.

Chatsala ndi thanki. Madzi a dzimbiri aja anachokera kumeneko, ndipo fyuluta yatsopanoyi itsekekanso ndikangoisiya choncho. Loweruka likubwerali ndiitsitsa, ndiitsuke, ndionenso kasefa ka pa paipi yoyamwira mafuta mvula isanayambe.