Kope limene sindichonga ndi cholembera chofiira

Lachisanu lililonse madzulo, ndisanazimitse kompyuta, ndimalowa pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira kudzera pa intaneti, n'kuyamba kuwerenga zimene ophunzira anga alemba m'sabatayo. Ophunzirawa ndi aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale omwe akuwonjezera maphunziro awo ali pa ntchito, ndipo ambiri a iwo ndimaonana nawo maso ndi maso pa nthawi ya tchuthi pokha. Kupatula mayeso ndi ntchito za malikisi, aliyense ali ndi malo akeake olembamo, amene tinangowapatsa dzina loti kope, ndipo chimene ndimapempha n'chakuti kamodzi pa sabata alembemo chinthu chimodzi chimene wayesa m'kalasi mwake, mmene chayendera, ndi pamene chamuvuta.

Sindinayambe ndi maganizo amenewa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ine, monga anzanga ambiri, ndinasandutsa Moodle nkhokwe yosungiramo manotsi. Ndinkaikamo mapepala, ophunzira n'kubwera kudzatapa, n'kupita osanena kanthu. Makinawo ankandionetsa kuti uje walowa tsiku lakuti ndipo watsegula phunziro lakuti, koma sankandiuza ngati munthuyo wamva, kapena ngati wangoyang'ana n'kugwa ulesi. M'kalasi ya njerwa mphunzitsi amawerenga nkhope, amaona amene wakwinya chipumi ndi amene akugwedeza mutu mongofuna kukondweretsa, koma pa intaneti nkhopezo kulibe, ndipo ndinafika pozindikira kuti ndikulankhula ndi anthu amene sindikudziwa zimene zili m'mitu mwawo.

Amene anayambitsa Moodle, a Martin Dougiamas a ku Australia, analidziwa vutoli kuyambira ali mwana. Anakulira m'chipululu cha kumadzulo kwa dzikolo, kutali ndi sukulu iliyonse, ndipo maphunziro awo oyamba ankawalandira kudzera pa wailesi kuchokera ku Kalgoorlie. Pamene anatulutsa Moodle koyamba mu Ogasiti 2002, mfundo imene anamangirapo inali yakuti munthu amaphunzira bwino akamapanga chinthu choti ena achione ndi kuchiyankha, osati pongolandira zimene wapatsidwa. Kwa ife kuno kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si kwachilendo, pakuti sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, imene lero timaidziwa kuti MCDE, inayamba mu 1965, ndipo bambo anga omwe anali mmodzi wa anthu amene ankadikira emvulopu ya maphunziro ku positi ofesi. Chimene iwo analibe ndi njira yofulumira youzira mphunzitsi wawo kuti apa ndasokonezeka, ndipo ndinachita manyazi kuona kuti njirayo ndinali nayo m'manja koma sindinkaigwiritsa ntchito.

Zolemba zimene zinanditsimikizira kuti kopeli ndi lofunika zinachokera kwa mayi wina wophunzitsa sitandade 2 pa sukulu ya kumudzi. Pa ntchito za malikisi mayiyu ankalemba zolongosoka, zofanana ndendende ndi zimene zili m'manotsi, kotero kuti sindikanamuganizira vuto lililonse. Koma m'kope mwake analemba kuti wakhala sabata yonse akuphunzitsa kuchotsera kobwereka, ndipo ana akamachotsa 17 pa 32 ambiri ankapeza 25, chifukwa ankangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu mosasamala kuti ili pamwamba kapena pansi. Anafotokoza kuti anawatuma kukatola timitengo, monga timalimbikitsana pa nkhani ya TALULAR, yomwe ndi njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwelo, n'kutimanga m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi, koma phunzirolo linasanduka phokoso lokhalokha popeza ana anali oposa 100 ndipo mitolo inali yochepa. Pomaliza analemba kuti, "Aphunzitsi, ineyo ndimadziwa kubwereka, koma ndazindikira kuti sindidziwa kufotokoza chimene tikubwerekacho."

Mawu amenewa sakanapezeka pa pepala la mayeso, chifukwa palibe amene amavomera kuti sadziwa pamalo pamene kuvomerako kungamuchotsere malikisi. Ndinamuyankha usiku womwewo, koma thandizo lenileni silinachokere kwa ine. Bambo wina wa m'gulu lomwelo, wophunzitsa m'boma lina, atawerenga nkhaniyi anafotokoza mmene iye amachitira: amaitana ana awiri okha kutsogolo, mmodzi n'kunyamula mitolo itatu ndipo wina timitengo tiwiri, kenaka amafunsa kalasi yonse kuti mwana wa timitengo tiwiriyo apereka bwanji tisanu ndi tiwiri. Anawo amafuula okha kuti amasule mtolo umodzi, ndipo luzi likamasulidwa aliyense akuona, mawu oti kubwereka amayamba kukhala ndi tanthauzo. Sabata yotsatira mayi uja analemba kuti wayesa, ndipo anatchulanso ana angapo omwe anali asanamvebe ndi zimene akuganiza kuchita nawo.

Nthawi ina ndinalakwitsa. Poona kuti ena sakulemba, ndinalengeza kuti kopeli lizikhala ndi malikisi molingana ndi ubwino wa zolembedwazo. Chiwerengero cha olemba chinakweradi, koma zolembazo zinauma. Anthu anayamba kulemba Chingerezi cholemera, chodzaza ndi mawu a m'mabuku, ndipo phunziro lililonse limene ankafotokoza linali loti layenda bwino kwambiri, ana onse amva, zolinga zonse zakwaniritsidwa. Teremu isanathe ndinabweza lamulolo. Tsopano malikisi ochepa amene alipo ndi oti munthu walemba pa nthawi yake basi, ndipo chiyankhulo ndi chimene iye wasankha, kaya Chichewa, kaya Chingerezi, kaya kusakaniza monga timachitira tikamacheza pa nthawi yopuma. Ndimakhulupirira kuti munthu akamaganiza mozama za ntchito yake asamavutikenso ndi kusaka mawu.

Nkhani ina yofuna kusamala ndi ya amene angaone zolembazo. Moodle imalola wolemba kusankha kuti zimene walemba azione yekha kapena zionedwe ndi aliyense amene ali ndi akaunti pamalopo, ndipo ambiri sayang'ana n'komwe kabokosi kosankhirako. Mnyamata wina analemba mokwiya za mkangano wake ndi mphunzitsi wamkulu, n'kutchulanso dzina la mwana yemwe ankajomba chifukwa cha mavuto a kunyumba, poganiza kuti ndiwerenga ndine ndekha. Ndinamuimbira foni m'mawa mwake n'kumuuza kuti, "Achimwene, zimene mwalembazi ndi zofunika ndipo tikambirana, koma chonde chotsanimo mayina, pakuti mwanayu sanatipatse chilolezo." Kuyambira pamenepo phunziro loyamba la teremu iliyonse limakhala la kabokosi kameneko, ndipo tinagwirizana kuti dzina la mwana, la mnzathu wa pa ntchito kapena la sukulu lisamalembedwe.

Za mtengo sindingazinyalanyaze, chifukwa bandulo imene wophunzira amagula imachokera pa malipiro omwewo amene akugulira ufa ndi sopo. Apa kulemba kuli ndi mwayi wake, pakuti ndime zitatu za mawu sizidya bandulo monga imachitira kanema kapena msonkhano wa pa Zoom. Ambiri amalemba usiku pa foni popanda netiweki, n'kudzatumiza akafika pamalo pamene imagwira, ndipo n'chifukwa chake ndinasuntha tsiku lomaliza kutumiza kuchoka Lachitatu kupita Lachisanu, nditamva kuti angapo amafika pa msika tsiku limenelo kukatchajitsa mafoni.

Sabata ino mayi wa timitengo uja walemba za nkhani ina. Akuti mvula yayamba, kalasi yake imene imaphunzirira pansi pa mtengo yaphatikizidwa ndi ina m'chipinda chimodzi, ndipo akufunsa mmene aphunzitsi awiri angagawanirane phunziro limodzi popanda wina kungokhala pakona akuchonga makope. Anzake atatu amuyankha kale, ndipo ine ndaganiza zodikira mpaka Lolemba ndisanawonjezerepo anga, kuti ndione kaye kumene iwo aifikitse nkhaniyi.