Buku la mavampaya lomwe mnzake wa mtsikana anasowa pakati pa nkhani

Ntchito yanga ndi yokonza mabuku a achinyamata, aja a zaka 12 mpaka 18, ndiye sabata yathayi patebulo panga panali buku la mavampaya, anthu a m'nthano aja oyamwa magazi a anzawo. Wolemba wake ndi wachitsikana, aka nkoyamba kutumiza zolemba zake kukampani, koma luso ali nalo ndithu moti machaputala oyambirira ndinangowerenga osagwira ndi cholembera chomwe. Nkhani yake ndi ya atsikana awiri apasukulu yogonera konko, akhala pachinzake kuyambira ali ana, amabwerekana zovala, amakangana pa zaziii kenako nkugwirizananso usiku womwewo. Kenako pasukulupo pabwera mnyamata wachilendo, wofatsa, wosadya ndi anzake, ndipo inu mwadziwa kale kuti ameneyo ndi ndani.

Lolemba ndinangowerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndi mmene ndimachitira, sindikonza kanthu ndisanadziwe komwe nkhani ikupita. Vuto ndinaliona nditafika chapakati. Mnyamata uja atangoulula kuti ndi vampaya, mnzake wa mtsikana uja anasowa. Osati kuti anamwalira kapena anasamuka ayi, wolembayo anangomuiwala basi, machaputala ambirimbiri osatchulidwa ngakhale dzina, kenako akutulukiranso kumapeto kuti adzagwidwe ndi mavampaya oipa ncholinga choti mnyamata uja akamupulumutse. Koma abale, munthu amene wandiseketsa machaputala onse oyamba aja angosanduka nyambo?

Lachiwiri linali la malamulo. Buku lililonse la mavampaya ndimalipangira tebulo pakompyuta: dzuwa limamutani, pagalasi amaoneka kapena ayi, adyo amamuthawa, angalowe m'nyumba asanaitanidwe, magazi amawapeza kuti ndipo amatha nthawi yaitali bwanji osamwa. Anthu amaganiza kuti pali malamulo okhazikika koma palibe. Mu Dracula wa Bram Stoker wa 1897 mkulu uja amayenda masana bwinobwino, kungoti mphamvu zake zimachepa, zoti dzuwa limapha vampaya zinatchuka ndi filimu ya Nosferatu ya 1922, ndipo pofika 2005 Stephenie Meyer mu Twilight anangoti khungu lawo limanyezimira padzuwa. Ndiye wolemba ali ndi ufulu wosankha zomwe akufuna, bola asasinthe pakati panjira. Wathuyu mu chaputala 3 mnyamata wapsa dzanja chifukwa choti katani inatseguka pang'ono, koma kutsogoloku ali pabwalo masana dzuwa lili pamutu akuonerera mpira, osapsa ngakhale khutu. Achinyamata zotere samakhululuka, amawerenga mwachidwi kuposa akuluakulufe ndipo akazipeza amakazilemba pa intaneti tsiku lomwelo.

Lachitatu mitingi ndi anzathu a zamalonda. Iwo anali atakonza kale maganizo a kava, chikuto cha bukuli, mtsikana kutsogolo mnyamata kumbuyo kwake atamugwira paphewa, zakuda ndi zofiira, zomwe zija mwazionapo kambirimbiri. Wina anafunsanso ngati sitingauze wolemba kuti awonjezere mnyamata wachiwiri kuti mtsikana azivutika kusankha, eti zimagulitsa. Sindikuwanena, ntchito yawo ndi yoti buku lituluke mushelefu, ndipo nzoona kuti mabuku ambiri otchuka ayenda njira imeneyo. Koma ine ndinawauza kuti anthu atatu alipo kale m'bukuli, wachitatuyo ndi mnzake uja, ndipo kusankha komwe kukupweteka ndi kwa pakati pa chibwenzi chatsopano ndi munthu amene wakhala nawe moyo wonse. Ndinawakumbutsa za Vampire Academy ya Richelle Mead ya 2007, chikondi chilimo inde koma chomwe chagwira nkhani yonse ndi ubwenzi wa atsikana awiri, Rose ndi Lissa. Ngakhale kale kwambiri, Carmilla ya Sheridan Le Fanu ya 1872, yomwe inatsogola Dracula ndi zaka 25, ndi nkhani ya mtsikana wosungulumwa amene wapeza mnzake womukonda kwambiri osadziwa kuti akumuyamwa magazi. Tinasiyana osagwirizana, anati tidikire kaye zomwe wolemba anene.

Tsiku lomwe linali lolemera ndi Lachinayi, ndinamuimbira wolembayo ndipo tinacheza mpaka foni kutentha. Pokamba ndi wolemba watsopano umayenera kuyamba ndi zomwe zili bwino, osati pomunyengerera ayi koma kuti adziwe zoti asakazigwire pokonza, chifukwa ena akamva kuti pali vuto amakagumula ndi zabwino zomwe. Kenako ndinamufunsa kuti, inu mnzake uja ali kuti nthawi yonse imene awiriwa akukumana usiku? Anakhala chete kenako nkuseka, akuti "Asisi, ndinaganiza kuti owerenga akufuna za chikondizo, ndimaopa kuti mnzakeyo aziwachedwetsa."

Apa mpamene ndinamufotokozera mmene ine ndimaonera. Mwana wa zaka 14 kapena 15 amene akuwerenga bukuli mwina sanakhalepo pachibwenzi, za chikondizo akungolota, koma pafupifupi aliyense anaonapo mnzake wapamtima akuyamba kutalikira, mameseji akuyankhidwa mochedwa, chinsinsi chomwe kale ukanakhala woyamba kumva ukuchimvera kwa ena. Ndipo vampaya ndi chinsinsi chachikulu zedi. Mtsikana wathuyu akuyenera kunama tsiku ndi tsiku kwa munthu amene amagona naye chipinda chimodzi, amene amadziwa nkhope yake akamanama. Wavala sikafu kunja kukutentha, mnzake waona. Wabwera mbandakucha nsapato zili matope, mnzake waona. Akuonda, akugona m'kalasi, mnzake akuganiza kuti mwina ndi matenda kapena mankhwala ozunguza bongo ndipo akulimbana ndi maganizo oti akauze aphunzitsi kapena asunge pakamwa. Machaputala amenewa ndi omwe akusowa, ndipo akalembedwa ngakhale chikondi chija chidzalemera chifukwa owerenga adzaona chomwe mtsikanayo akutaya kuti akhale ndi mnyamatayo.

Panali nkhani inanso yovutirapo. Mnyamatayu m'bukuli ali ndi zaka zoposa 100 ngakhale amaoneka wa 17, ndipo mtsikana ali ndi 16. Izi owerenga a masiku ano amazifunsa ndithu, kuti agogo amenewa akufunanji kusukulu ya ana. Kuonjezera apo amamulondalonda, amamuletsa kucheza ndi anyamata ena, pena anamulanda foni, ndipo zonsezi zalembedwa ngati umboni wa chikondi. Sindinamuuze kuti azichotse, vampaya wopanda choopsa ndi wa ntchito yanji, koma pakhale wina m'nkhanimo wonena poyera kuti izi si zabwino, ndipo woyenera kunena ndi mnzake yemwe uja. Pa za zakazo ndinamupatsa maganizo oti mnyamatayo akhale kuti anasandulika posachedwapa, makolo ake akadali moyo ndipo akumufunafuna. Anati zimenezo aziganizira kaye, sanavomere, ndipo ndi ufulu wake, buku ndi lake ine ndimangothandiza.

Lachisanu zinali zing'onozing'ono. Maso a mnyamata afotokozedwa pafupifupi tsamba lililonse, mtima wa mtsikana ukungogunda mwamphamvu paliponse moti ndinalemba m'mbali kuti mwanayu apite kuchipatala, kenako ndinafufuta poopa kuti angakhumudwe. Palinso malo omwe ana asukulu akuyankhula ngati maloya, ndinawalemba mizere kuti akawerenge mokweza yekha amve.

Kalata yonse ndinatumiza pa imelo madzulo. Asanagone anali atayankha kale, akuti wayamba chaputala chomwe mnzake uja wapeza malaya a magazi pansi pa matiresi ndipo m'malo mofunsa wangowachapa nkuwabwezera pomwepo, akudikira kuti aone ngati auzidwa. Ndinamuuza kuti apitirize, dedilaini tikankhira kutsogolo. Za kava sitinamalize, mitingi ina ilipo sabata ya mawa ndipo ine ndikukapempha kuti pakhale atsikana awiriwo, mnyamata akhale kumbuyo kwa buku.